Chitini Chofiira ndi Jombo Yakumanzere

Mapazi a amuna anga anayamba kutupa m'chilimwe, tili ku mgodi wa ku Chakari. Lamulo la kumeneko linali lachidule: phazi likakana kulowa m'jombo munthu satsika pansi, ndipo wosatsika pansi alibe nyumba m'komboni. Dokotala anati adzawaonanso mwezi ukatha. Dresa wa pachipatalapo, Myao wakwathu, anandikokera pambali.

"Mayi, mchere ayikona, musawapatsenso, ndiwo ukusunga madzi m'miyendomu. Ndiwo muzikometsa ndi matimati."

Matimati mu Okutobala? Madimba anali atauma gwa. Ndinakwera basi kupita ku Gatooma, kumene lero mumati Kadoma, ndipo kusitolo ya Mmwenye ndinapeza zitini zamitundumitundu. Kuwerenga sindinkatha, koma lilime ndinali nalo. M'chitini china munali matimati athunthu m'madzi otumbululuka, owawasira, mchere wosamveka. M'china munali phala lofiira psuu, lotsekemera, mchere wake wochita kuluma. Ndinayamba kuphika otumbululukawo, ndipo pang'onopang'ono akakolo anayamba kuonekanso.

Kenako anabwera mlamu wanga, mlongo wa amuna angawo, amene ankakhala ku Hartley, Chegutu ya lero. Anali mayi wa pakamwa ngati lumo, koma achimwene ake ankawakonda, zimenezo sindingamunamizire. Anavundukula mphika wanga n'kugwira pakamwa.

"Alamu, munthu watha magazi, inu mukumupatsa zoyezuka chonchi? Chofiira ndicho chimabweza magazi, ndi mwana yemwe amadziwa!"

Choipa chake n'chakuti nanenso ndinakula ndikumva zomwezo, ndipo amayi a m'komboni onse anali mbali yake. Komabe ndinakana. Ndinamuuza kuti pamoto pano mwini wake ndine.

Sabata yomaliza ya mwezi wa dokotala uja mapazi anafufumanso. Ukadina ndi chala, dzenje limatsala. Bambowo ankangogugudiza madzi, osandiyang'ana kumaso. Tsiku lina masana ndinabwerera msanga kuchokera kolandira phoso, chakudya chimene mgodi unkatigawira, ndipo ndinawapeza pakhonde, mlamu akuwamwetsa phala lofiira lija ndi supuni, losaphika n'komwe. Kuseri kwa khola la nkhuku kunali mulu wa zitini zake.

Ndinalanda chitinicho n'kuchiponya patali. Mawu amene ndinalankhula tsiku limenelo sindingawabwereze. Iye ankangokuwa kuti ndine mfiti, ndikufuna achimwene ake afe oyera ngati pepala. Amuna anga anangoti chapansipansi, "Sadza yopanda mchere yandikwana, mayi. Komanso ndi mlongo wanga, ndikanamukana bwanji?" Ndinapsa mtima koposa chifukwa ndinawamvera chisoni.

M'mawa wopita kwa dokotala, jombo yakumanja inalowa movutikira. Yakumanzere inaima pachidendene. Ndinapaka sopo. Mlamu anagwada, nayenso n'kumakankha, thukuta lili kamukamu, mpaka bambowo anabuula. Belu la mgodi linalira tikadali pomwepo. Anapita jombo imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja, ndipo tonse tinadziwa yankho asanabwerere: ntchito yatha, nyumba yapita.

Kwathu ku Nyasalande kunalibe wotilandira, tinali matchona kalekale. Lole inatitula ku Hartley, m'chipinda cha mlamu yemweyo, ife ndi ana athu pamwamba pa ana ake. Ndinalowa ndikudikira kuti andiyambe.

Sanapepese, ndipo mpaka kufa kwake sanavomere kuti chofiira sichibweza magazi. Koma chakudya choyamba chimene anatiphikira, mwana wake wamkulu analawa ndiwo n'kukwinya nkhope.

"Amayi, mwaiwala mchere."

"Idya," anatero mlamu, osatukula mutu. "Muno mchere unatha."

Ndinkauona ine mcherewo, uli m'chitini pamwamba pa kabati. Unakhala pomwepo osakhudzidwa mpaka tsiku limene tinaika amuna anga m'manda.