Manati Anayi a Boma

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaba katundu wa boma. Ndikunena mokweza, inde, chifukwa ine Jailosi wa ku Bangwe sindidziwa kunong'ona. Ku Chirimba, kumene ndawotcherera zitsulo moyo wanga wonse, amati ndikapereka moni pageti amayankha ndi anthu a kumsika. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, choncho mukapeza mawu opindika muwawongole nokha. Nkhaniyo payokha ndi yowongoka.

Chandiyambitsa ndi wayilesi. Tsiku lina tili pabawo tinamva kuti boma laika ndalama zomangira ndi kukonzera madoko a asodzi kunyanja. Mnyamata wina wa kabaza anaseka. "Madala, ife tili kumapiri kuno. Doko litipindulira chiyani?" Ndinamufunsa ngati matemba amene anadyera dzulo lake amakumbidwa m'phiri la Bangwe. Anthu anafa nacho chiseko, koma ine ndinapita kunyumba mtima uli kutali.

Mayi anga ankagulitsa matemba mumsika wa Limbe. Bambo anali atatisiya kale, ndiye dengu la mayi ndilo linali munda wathu. Nsombazo ankakapikula ku nyanja ya Chilwa, padoko lina pamene mlongo wawo, amalume a Dafuleni, anali mlonda. Holide ina mayi ananditenga kuti ndizikawathandiza kuyanika.

Amene simunafikeko, Chilwa si nyanja ya mchenga ayi. M'mbali mwake ndi matope akuda, onunkha, oti ukaponda amakumeza mpaka m'ntchafu. N'chifukwa chake boma linamanga jeti, mlatho wa matabwa wolowera m'madzi, kuti mabwato azikocheza kumapeto kwake, osenza nsomba aziyenda pouma. Amalume anapatsidwa yunifomu ya khaki, chitini cha phula ndi sipanala imodzi yaikulu. Dzuwa likakwera ankayenda chogwada, thabwa ndi thabwa, kumangitsa manati amene akhwepa. Asodzi ankawaseka podutsa.

"A Dafuleni, mwayambanso mapemphero? Zisiyeni izo, ndi za boma!"

Amalume ankangopitiriza kumangitsa manati awo. Koma mawuwo analowa mwa ine. Za boma, ndiye kuti zopanda mwini. Ndipo ine pa legeni ndinali dolo, ku Bangwe konse kunalibe mwana wondiposa, koma kumatope kuja mwala sungaupeze. Madzulo ena amalume atapita kukasamba ndinatenga sipanala ija, ndinamasula manati anayi pathabwa limodzi la pakati. Thabwalo linangokhala phee pamalo pake, ngati silinakhudzidwe. Manati awiri ndinaponyera mbalame, ndinapha imodzi yonona. Awiri enawo ndinaika m'thumba la kabudula.

M'mawa mwake mabwato anafika amalume asanayambe kuyendera. Anthu angapo anadutsa bwinobwino chifukwa ankaponda pakati pa thabwa lija. Mayi anabwera ndi dengu lodzaza pamutu, anaponda kunsonga. Thabwa linadzuka, mwendo unalowa. Ndinamva phokoso ngati munthu akuthyola nzimbe. Matemba onse anamwazikira m'matope, mbalame zinatera pomwepo, ndipo mayi sanalire, ankangoti, "Dengu langa, dengu langa."

Amalume anagwada, anayang'ana mabawuti a thabwalo. Sanali othyoka kapena odyeka ndi dzimbiri, ankawala pamene panali manati. Anadzutsa maso n'kuona legeni ili m'khosi mwanga. Ndinadikira khofi, koma silinabwere. Anandikokera pambali n'kulankhula motsitsa.

"Jailosi, thamanga ukaitane a Boma adzanyamule mayi ako."

"Amakhala kuti, amalume?"

"Ukuwadziwa ndiwe. Si manati awo unatenga? Ukawapeza uwauze kuti kulinso dengu lofuna wosenza."

Ndinaima pomwepo ngati chitsa. A Boma sanabwere. Amene ananyamula mayi pachitseko mpaka pamene pankaima lole anali asodzi omwe aja a "zisiyeni", matope mpaka m'mawondo.

Amalume analembetsa kalata yopempha manati ena ndi phula. Kalatayo inapita, mvula inabwera, mvula inatha. Iwo sanadikire. Anagulitsa tambala wawo, anakagula manati anayi ku Zomba, anamanga thabwa lija.

Fupa la mayi linalumikizana mokhota. Kuyenda ankayenda, koma kusenza kunakanika. Ndiye dengu linasamukira pamutu panga, kuchoka ku Bangwe kupita ku Limbe, tsiku ndi tsiku. Ndi mmene sukulu yanga inathera. Anthu ndimawauza kuti aphunzitsi ankaopa mawu anga, koma zoona zake ndi zimenezi.

Amalume sanaulule, ine sindinaulule, ndipo ndinkaganiza kuti mayi sakudziwa. Tsiku limene ndinapeza ntchito ku Chirimba, ndili kale ndi ndevu, anandiitana pakhonde. Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chakale. Munali manati awiri.

"Ndinawapeza m'kabudula mwako pochapa, titangobwera kuchipatala," anatero. "Poti wayamba ntchito ya zitsulo, ukawamange penapake."

Nkhaniyi sanaitchulenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Tsono mukamva za ndalama za madoko, mundimvere ine wosaphunzirane. Ndalamazo zili pawiri. Pali zomangira, zimene zimabwera ndi magalimoto, nyimbo ndi kudula riboni. Palinso za phula, za manati, za malipiro a munthu woyenda chogwada uja. Zimenezi palibe amazivinira, ndipo ndi zimene zimachedwa. Koma jeti sigwa tsiku lotsegulira. Imagwa mwakachetechete, nati imodzi lero, ina mawa, mpaka tsiku limene mayi wa munthu aponda kunsonga. Akuluakulu mukamagawa, musaiwale chitini cha phula. Ndipo ife tikamadutsa tisamaseke mlonda.

Nati imodzi ndinaimanga pachitsulo chogwirira cha kamlatho ka kumtsinje kwathu kuno, pokakonza pambuyo poti madzi osefukira anakakokolola. Ana a sukulu amadutsapo osadziwa. Inayo ndimayenda nayo m'thumba. Dzana ndinaiika pabawo, pamaso pa mnyamata wa kabaza uja, ndinamuuza zonsezi mpaka makasitomala ake awiri anakwera njinga ina. Sanadandaule. Anaitenga, anaitembenuza, anaibweza ndi manja awiri.

Amalume anandituma kukaitana a Boma ndili mwana, ndipo lero tsitsi layera ndisanawapeze. Maofesi awo ndawaona, magalimoto awo ndawaona, zidindo zawo ndaziona. Mwendo wawo wokha sindinauonepo. Mwendo umene unalowa pajeti paja unali wa mayi anga.