Laketi Imene Anandiletsa Kugula

Inu owerenga, alamu anga lero amaona ndi diso limodzi, ndipo amene anazimitsa linalo ndine. Sitinamenyane ayi. Tinkasewera.

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika pa Malomo, masiku a msika ndimafika ku Bowe ndi kwa Dzoole. Pa nkhani yonenerera mtengo, sindinapezepo wondiposa. Ndinaphunzira kalekale kuti wogulitsa akati "iyi musatenge", ndiye kuti yabwino ndi yomweyo, akusungira kasitomala wake. Inenso ndimatero, nsapato yabwino ndimaikhalira.

Alamu angawo, amuna a mlongo wanga, anali aphunzitsi kwathu kuno asanapeze ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe. Kumeneko anazolowera masewera otchedwa padelo. Ali ngati tenesi, koma mumasewera anayi, awiri uku awiri uko, m'bwalo lotchinga ndi magalasi ndi waya. Ndikapita kukaoda belo ankanditenga, n'kundibwereka laketi yawo yakale. Ndinasewera kanayi, ndipo kanayi konseko ndinali choseketsa anzawo. Mpira ukandidutsa ankakuwa kuti, "Alamu, si khasu limenelo! Mizere mukaunge ku Malomo!" Chilamu ndi nthabwala, ndikudziwa. Koma kusekedwa ndi anthu ogwira makiyi a galimoto kumaluma mwina. Ndinalumbira kuti tsiku lina ndidzawatseka pakamwa.

Ndinalowa m'sitolo ina ya zamasewera. Mayi wogulitsa anandifunsa kuti ndinayamba liti, ine ndinati kalekale. Anangoyang'ana mmene ndagwirira laketi, basi n'kunditengera yobulungira, yofewa, yopepuka. Koma maso anga anali pa yakuda imene inapachikidwa pamwamba, ya mapewa otambalala.

"Iyo ndi ya akatswiri omenya mwaukali, achimwene," anatero. "Kulemera kwake kuli kumutu, ndi youma, ndipo imamvera pa kamalo kakang'ono kumtundaku. Dzanja likakhala losazolowera, mpira umapita kumene wafuna wokha. Musatenge."

Nditangomva "musatenge", ndinati eya, ndakugwira. Ndinaigogoda ndi chala ngati ndikuyesa chidendene cha nsapato, ndinaipepeta m'manja, inalemera bwino. Ndinamuuza mayiyo kuti ine ndinayamba malonda iye akuyamwa. Ndinanenerera mpaka anatsitsa, n'kundiwonjezera timipira. Ndinatuluka ndikuyenda ngati tambala, osadziwa kuti tsiku limenelo ndapambana pa kugula tsoka.

Loweruka masana tinalowa m'bwalo, alamu ali mbali inayo. Mpira woyamba ndinamenya waya. Wachiwiri unatuluka pamwamba n'kukagwera pa galimoto ya munthu. Chigongono chinayamba kuwawa ngati ndagunda chitseko. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kubwereka laketi yakale ija. Ine ndinkangomva kulira kwa yatsopanoyo, phaa, ngati mfuti, n'kumati ndafika.

Kenako mpira unabwera wam'mwamba, wofatsa. Alamu anali pafupi ndi ukonde, akumwetulira, pakamwa patakonzeka kale kunena za khasu. Pano ndinene zoona, chifukwa kwa ena onse ndinanama. Malo opanda munthu analipo. Ine ndinaloza pachifuwa pawo. Ndinamenya ndi mphamvu zonse za munthu wonyamula mabelo, laketi inanditsogolera dzanja, mpira unakwera n'kukaphwanya mandala amene anavala pankhope.

Anagwada atagwira kumaso. Ndipo ine, inu owerenga, ndinaseka. Ndinakuwa kuti, "Khasu lalima!" Magazi ndinawaona pambuyo, akutuluka pakati pa zala zawo.

Kuchipatala anachotsa tizidutswa ta galasi, koma diso silinabwerere. Alamu anauza aliyense kuti inali ngozi. Mlongo wanga ananditengera panja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, amuna anga akuti ndi ngozi. Anzawo akuti munaseka. Ndimve ziti?"

Sanandisumire kulikonse, ndipo bola akanatero. Chimene anachita n'kusiya kundiseka. Akabwera kumudzi amandipatsa moni wa manja awiri ngati mlendo wa ku mpingo, amanditchula kuti bambo, kenako amasuntha mpando kuti ine ndikhale kumbali imene saona.

Choncho inu amene mwayamba masewerawa, gulani laketi ya dzanja limene muli nalo lero, osati limene mumalota. Yolemera kumutu ndi ya munthu amene amaika kale mpira pamene wafuna, mphamvu n'kubwera pambuyo. Wogulitsa akakana yekha kukugulitsani chodula, tsekani pakamwa mumvere, si onse amene ali akamberembere ngati ine. Ndipo ngati tsidya la ukonde kuli munthu amene mwamusungira kanthu mumtima, musalowe m'bwalo. Mutukwaneni panja. Mawu amapepeseka.