Tsiku Limene Sindinatsuke Sefa

Ntchitoyi anandipezera ndi a Mbewe, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu ku Dennistoun, kuno kutsidya kwa nyanja. Nditamaliza maphunziro a za miyala kuyunivesite ku Hillhead, ndinakhala miyezi yambiri ndikusambitsa agogo kunyumba yosamalira okalamba. Lamlungu lina tikumwa tiyi atatha mapemphero, anandikokera pambali.

"Tadala, paja unaphunzira za miyala eti? Kuli mayi wina ku Partick akufuna munthu wosefa dothi."

Mayiyo anali Moira, mwini labu yaing'ono yopimira dothi kuseri kwa galaja. Dothi lake linkachokera kuchipululu cha Kalahari m'timatumba tolemba nambala, ndipo lonse linali lapachulu. Kumeneko mchenga unakwirira thanthwe moti munthu sangadziwe zimene zili pansi. Koma chiswe chimakumba mozama posaka madzi, n'kumatulutsa timiyala tapansipo pomanga chulu. Mukapezamo timiyala tofiira totchedwa ganeti, ndiye kuti mwina dayamondi ali pafupi, ndipo kampani imatumizako makina obowola.

Ntchito yanga inali yamanja. Ndinkaumitsa dothi mu uvuni, kuliyeza pasikelo, n'kuligawa pawiri, theka lina losunga. Theka linalo ndinkalitsuka kuti matope achoke, kenako kulisefa m'masefa atatu achitsulo. Timiyala tolemera totsalira ndi timene Moira ankationa pamaikulosikopu. Lamulo lake linali limodzi: thumba likatha, sefa ipukutidwe ndi burashi, ilowe m'bafa lonjenjemeretsa madzi, ndipo uiyang'ane pakuwala usanaigwiritsenso ntchito, kuopa kuti timiyala totsalira m'sefa tingalowe m'dothi la thumba lina.

M'mawa wina mu Novembala, ndikutsika sitima ku Partick, foni inalira. Anali achimwene anga ku Dowa.

"Achemwali, amayi atisiya. Tiika mawa."

Ndinayankha kuti ndamva. Kupita kumaliro sikukanatheka, chifukwa ndinali kudikira mapepala okhalira m'dziko muno, ndipo ndikanatuluka, pempho langa likanathera pomwepo. Ndinabweza foni m'thumba. Kunja kunkagwa kamvula. Miyendo inanditengera kuntchito, ndinavala magolovesi, sindinauze aliyense.

Zimene ndinachita m'mawa umenewo sindizikumbuka bwino. Thumba loyamba linali lochokera pachulu cha pafupi ndi mgodi wakale, lodzaza ganeti, limene tinkaonera ngati njira yathu ikugwira. Lachiwiri linali la malo atsopano amene kampani inkawayembekezera kwambiri. Manja ankangogwira okha. Ndinkamva madzi akutuluka pampopi ngati ali m'chipinda china.

Cha m'ma thili koloko Moira anandiitana. Nkhope yake inali yowala.

"Bwera udzaone. Ganeti zisanu ndi imodzi, thumba limodzi. Malo amenewa sanationetsepo kanthu."

Ndinasuzumira. Timiyalato tinali tofiira bwino. Iye anali atayamba kale kulemba uthenga wopita kukampani, akunena kuti makina obowola akhoza kunyamuka mwezi womwewo. Ndinabwerera pamalo panga kuti ndikonze, n'kukhudza bafa lija. Madzi anali ozizira, oyera, nthambo yosalumikiza kumagetsi. Tsiku lonse sindinaliyatse.

Ndinaima pamenepo kanthawi. Mantha sindinamve, manyazinso ayi. Ndinangoganiza za anthu amene akanakoka makina kudutsa mumchenga, n'kukhala kumeneko milungu akubowola popanda kanthu.

"Musatumize," ndinatero. "Sefa sindinaitsuke. Timiyalato ndi ta thumba loyamba."

Moira anachotsa manja pakompyuta. Sanakalipe. Anatenga theka losunga lija, nalisefa yekha ndi masefa atsopano, ine ndikuyang'ana. Munalibe ganeti ngakhale imodzi.

"Chaka chonse sunalumphepo bafa," anatero. "Chachitika n'chiyani?"

"Amayi amwalira. Aikidwa mawa."

Mawuwo anatuluka ngati ndikuwerenga nambala ya thumba. Anandiuza kuti ndipite kunyumba, koma ndinakana, poti kunyumbako kunali chipinda chimodzi ndi foni. Ndiye anandiunjikira masefa onse a m'labu, akale omwe, n'kundipatsa burashi. Ndinawatsuka imodzi imodzi mpaka nthawi yoweruka. Pambuyo pake anaimbira yekha a Mbewe, ndipo iwo ndi akazi awo anadzanditenga pagalimoto. Mawa lake amayi amvano anadzaza m'chipinda changa, tikumva nyimbo za kumanda pafoni ya achimwene. Misozi inabwera patapita milungu.

Panopa ndili kulabu ina, ndipo ndine amene ndimaona pamaikulosikopu. Ndinaphunzira kuti munthu akhoza kufika pantchito thupi lokha, manja n'kumagwira ngati zonse zili bwino, koma akuwononga. Tsiku lotero ndimanena ndili pakhomo pomwe, ndisanavale magolovesi: "Lero musandipatse thumba. Ndipatseni masefa."