Mtsuko Woumbidwa ndi Dzanja Lamanzere

Amayi aakulu, mkulu wawo wa mayi anga, ankaumba mitsuko yoti munthu ankaizindikira ali patali. Pakhosi pa mtsuko uliwonse ankalembapo timizere titatu tokhotakhota ngati mafunde a pa Chilwa, tonse topendekera kumanja. Ankalemba ndi kabango kosongoka dothi lisanaume, osayang'anapo n'komwe, uku akukalipira nkhuku. Anthu a padoko la Kachulu akafuna mtsuko woziziritsa madzi ankangoti, "Tikufuna wa mafunde."

Mafundewo ankawalondera ngati munda. Kutsidya kwa mtsinje wa Likangala kunali amayi ena, alimi a mpunga, amene anaphunzira kuumba pakhomo pathu ali mtsikana. Anatha zaka akusenza dothi kuchokera kumtapo, akuliponda, akuonerera. Atakwatiwa anayamba kuumba paokha, nawonso n'kumalemba mafunde, koma m'munsi mwake ankaikamo timadontho tobaya ndi phesi la mpunga. Tsiku limene amayi aakulu anaona mtsuko wotero pamutu pa munthu, anafika pakhomo akutukutira ndi mkwiyo. "Wandibera, kenaka wathirapo nthomba kuti ndisazindikire!" Kuyambira pamenepo amayiwo pakhomo pathu anali "wa nthomba uja," ndipo ngakhale pamaliro awiriwa sankakhala mphasa imodzi. Ine timadonthoto tinkandisangalatsa, koma pakamwa ndinkatseka.

Kuumba ndinayamba mochedwa, ndili kale ndi ana awiri. Bambo awo anapita kukawedza nyengo ina n'kupeza banja lina komweko. Amayi aakulu sanandipepese. Anangondikankhira dothi n'kunena kuti, "Kulira kumatheka uku ukuponda." Sankafotokoza kanthu pophunzitsa: ukalakwitsa unkangomva mbama padzanja. Ndipo ine ndinkalakwitsa tsiku ndi tsiku, chifukwa ndine wamanzere. Mafunde anga ankapendekera kwina. Iwo ankafufuta ndi chala chonyowa n'kulembapo awo, akung'ung'udza kuti dzanja langa ndi lamwano. Dzina langa kwa iwo linali "iwe wamanzere." Ana awo awiri anamwalira ali aang'ono, ndipo kuchokera apo mawu oti "mwana wanga" sankatulukanso pakamwa pawo, ngakhale kwa ife ana a mng'ono wawo.

Kenaka nyamakazi inawalowa m'manja. Zala zinatupa n'kupindika, kabango kanayamba kupulumuka. M'mawa wina ndinawapeza kuseri kwa khitchini akulimbana ndi mphika waung'ono, woti kale akanaumba akucheza. Khoma lake linakwera pang'ono n'kufwamphukira m'kati. Anayesanso, linagwanso. Atandiona anabisa manja m'chitenje.

"Usauze munthu," anatero. "Akangomva, onse athamangira kwa wa nthomba uja. Ine nditsala ndani?"

Ndinawamvera chisoni chachikulu. Mayi wolusa uja analibe china chimene anthu ankamudziwira koma mitsukoyo. Choncho tinapangana bodza. Ine ndinkaumba kuseri kwa mpanda, iwo n'kukhala pakhonde atadzipaka dothi lonyowa mpaka m'zigongono kuti odutsa aziona. Masabata angapo ndinakhala ndikuphunzitsa dzanja lamanja kulemba mafunde, poyamba pafumbi, kenaka pamapale, mpaka anayamba kupendekera kumene ankafuna eni ake. Tikawotcha ndinkasenza mitsuko kupita ku Kachulu n'kumauza ogula kuti, "Amayi atumiza." Chilimwe chonse chinatha choncho popanda wodandaula, ndipo ndinayamba kudzitama mumtima kuti ndasanduka amayi aakulu enieni.

Tsiku lina ndili pamalo anga pamsika wa ku Kachulu, pafupi ndi pamene amayanika matemba, ndinaona amayi a kutsidya akubwera ndi dengu la mpunga pamutu. Kale ankangodutsa nkhope itayang'ana kwina. Tsikulo anaima, anatula dengu, ananyamula mtsuko umodzi n'kuugogoda ndi chala. Unalira bwino. Anayang'ana mafunde nthawi yaitali. Kenaka analowetsa mkono m'kati mpaka m'chigongono, n'kumasisita khoma pang'onopang'ono, maso atatsinzina.

Apo ndinazindikira chimene ndinaiwala. Poumba, dzanja limodzi limakhala m'kati likukoka dothi mozungulira, ndipo zala zimasiya tinjira take. Kunja timakulungiza ndi mwala mpaka kusalala, koma m'kati mwa mtsuko ndani amavutika namo? Ine ndinanamiza kunja kokha. M'kati tinjira tonse tinkazungulira kumbali yanga.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, "achemwali manja anayamba liti kuwavuta?"

"Ali bwinobwino, amayi. Atumiza ndi iwowo."

"Iii, usandinamize ine. Umu mwayenda munthu wamanzere. Zala za achemwali ndingazidziwe ngakhale mutandimanga nsalu kumaso."

Ndinayembekezera kuti aitana msika wonse. Mwayi wobwezera zaka zonse za kutchedwa wakuba unali m'manja mwawo. Koma anangoika mtsuko pansi mosamala n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Posenza dengu lawo anati, "Kuumba ukutha. Koma mafunde akowa akunjenjemera ngati mboni yabodza."

Kunyumba sindinanene kanthu, ndinkaopa. Patapita masiku atatu, dzuwa litakwera, tinamva "Odi, achemwali!" Anali amayi a kutsidya aja, atanyamula kamtolo ka mpunga. Amayi aakulu anali pakhonde ndi dothi lawo la m'mikono.

"Kuno zoba zinatha," anayankha.

"Kasambeni dothilo, achemwali, likuumitsani khungu. Ndadziwa kale."

Amayi aakulu ananditembenukira ndi diso loti likanatha kuwotcha mbiya. Ndinati, "Sindinanene ine, amayi. Analowetsa dzanja." Apo anaseka kuseka kowawa.

"Ndinakuphunzitsa ndine zimenezo," anauza mlendoyo. "Mtsuko sauona kumaso."

Amayi a kutsidya sanadikire mphasa. Anakhala pansi pomwepo, anatenga manja opindikawo n'kuyamba kuchotsa dothi louma pachala chilichonse. Amayi aakulu anayesa kukoka manja, koma osati mwamphamvu.

"Ndikufunseni, achemwali, musandimenye. Mafundewa munabadwa nawo?"

"Ndi anga."

"Si inu munandiuza tili kumtapo? Kuti mayi anu pochoka ku Mozambiki anasenza kamphika kamodzi, kokhala ndi mizere itatu yowongoka ngati mphini za kumaso kwawo? Kuti inu mutakula m'mbali mwa nyanja muno munaikhotetsa mizereyo?"

Nkhani imeneyi ine ndinali ndisanaimvepo. Anganga, mayi awo a amayi aakulu, anamwalira ndili wakhanda, ndipo ndinkaganiza kuti mafunde anayambira m'manja mwa amayi aakulu basi.

"Nanga mayi anu anati chiyani ataona?" anafunsanso amayi a kutsidya.

Amayi aakulu anayang'ana kumbali. "Anati ndajambula njoka. Anandithamangitsa ndi chipande mpaka kudimba."

Tonse atatu tinaseka, ndipo amayi aakulu anaseka mpaka misozi. Itayamba kutsika sinasiye msanga, ndipo sinalinso ya kuseka. Amayi a kutsidya anangogwirabe manja aja. Ine ndinapita kukaphika mpunga uja kuti ndiwapatse mpata.

Sindinganame kuti amayi aakulu anasanduka munthu wofatsa. Mlendo atangochoka anati mpungawo unali ndi miyala. Koma m'mawa mwake, nditamaliza kuumba mtsuko n'kutenga kabango ndi dzanja lamanja monga mwa masiku onse, anandimenya padzanja.

"Lemba ndi lamwano lakolo."

Ndinalemba. Mafunde anapendekera kumanzere, osanjenjemera ngakhale pang'ono. Ndinalimba mtima n'kufunsa, "Nanga timadontho tija, amayi?"

"Nthombazo? Ikamo. Koma zochepa, tisachite kunyanya."

Mitsukoyo itauma n'kuwotchedwa, anandidabwitsa ponena kuti apita nawo ku Kachulu. Anali asanapondeko chaka chathunthu. Anavala chitenje cha kutchalitchi, sanadzipake dothi, ndipo tinawakweza pa kabaza. Kumsika anakhala pambali panga, manja ali m'chitenje.

Woyamba kufika anali mayi wina wogulitsa nsomba zouma, amene ankagula kwa iwo kuyambira kale. Anawapatsa moni mwaulemu, ananyamula mtsuko, n'kuutembenuza uku ndi uku.

"Agogo, mafundewa lero atembenuka bwanji? Ndi timadonthoti, si ta kutsidya iti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipeke bodza lina, poti ndinali nditazolowera. Amayi aakulu ananditsogolera. Anatulutsa manja onse awiri m'chitenje n'kuwakweza poyera, pamaso pa ogula nsomba, anyamata a kabaza ndi aliyense amene ankadutsa.

"Manja anga ndi awa, anatha," anatero mokweza. "Mizere ndi ya mayi anga, kukhota ndi kwanga, madontho ndi a mng'ono wanga wa kutsidya. Koma mtsukowo waumba ndi mwana wangayu. Gogodani mumve."

Mayi uja anagogoda, mtsuko unalira, ndipo anausenza.

Pobwerera anakana kabaza, anati tiyende pang'onopang'ono. Njira yonse ankandikalipira kuti mlomo wa mtsuko uja ndinaunenepetsa, ndipo madontho ndinachulutsa ngakhale anandichenjeza. Ndinkayenda pambuyo pawo ndikulira mwakachetechete, chifukwa chibadwire changa aka kanali koyamba kuwamva akunditchula mwana wawo.