Inu mawu, ine mikanda ya kolona

Asisitere Jenoveva, lero chatha chaka chichokereni inu. Ndakumbukira m'mawa uja nditamaliza kukusambitsani, sitiroko itakuumitsani dzanja. Munalira chifukwa zala zinkakana kuyendetsa kolona. Ine wokulira m'tchalitchi cha ku Khondowe, wosakhala Mkatolika, sindinkadziwa n'komwe kapempheredwe kake. Ndinati ndikaitane asisitere anzanu, koma munandikoka chitenje ndi dzanja linalo. "A Nyagondwe, inu muzigwira mikanda, ine ndizinena mawu. Mulungu atimva tonse." Tinapemphera motero miyezi ingapo, ine ndikudumpha mikanda, inu mukundiseka.

Pano ndikusamalira Asisitere Marita, amene anasiya kuona. Dzulo anandipempha kuti nditsogolere pemphero la kolona, ndipo ndinafika kumapeto osaphonya. Yewo chomene, amayi. Pumulani bwino, anzanu sakupemphera okha.