Chigoba cha Amayi mu Viniga

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala kunja kwa Malawi, mumzinda waukulu, kudera la Parklands, pamene aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti aliyense abweretse chinthu cha m'nyanja. Ine ndinali nacho: chigoba cha nkhono chimene amayi anatola m'mbali mwa nyanja ku Mombasa asanadwale. Chimwalirireni iwo, ndinkachiika kukhutu ndikawasowa. Chinkachita kuti wuuu, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndi amayi akupuma.

Ndinapita nacho kusukulu mwamatama, poti anzanga ankandiseka kuti kwathu ku Malawi kulibe nyanja yamchere. Aphunzitsi anachiyamikira, kenako anatulutsa botolo la viniga. "Tadala, tibwereke," anatero. Mtima unakana, koma ndinaleredwa kuti mwana satsutsa wamkulu. Ndinapereka ndi manja awiri, bondo litapinda ngati kwathu.

Chitangomira mu vinigamo chinayamba kutulutsa tithovu, anzanga n'kumaomba m'manja. Aphunzitsi anafotokoza kuti utsi wa maminibasi, amene kumeneko amati matatu, ndi wa mafakitale a ku Industrial Area sumathera m'mwamba. Nyanja imaumwa, madzi n'kumawawasa pang'onopang'ono, mpaka nkhono ndi tinyama tina kumalephera kumanga zigoba zolimba. Anati vinigayo akungofulumizitsa zimene zikuchitika mwakachetechete. Botolo linatsala pawindo mpaka Lolemba.

Ndinachipeza chitapyapyala, chili mabowo okhaokha. Ndinachitsuka pampopi n'kuchiika kukhutu. Zii.

Kunyumba bambo anachitembenuzatembenuza m'manja, ine ndikudikira kukalipiridwa. Anangoti, "Mayi ako anachinyamula ngati dzira ulendo wonse uja." Kenako analowa kubafa n'kutsegula madzi kwambiri, koma ndinawamvabe akulira. Ngakhale pamaliro ndinali ndisanawamve akulira chotero, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Panopa ndine mayi, ndipo popita kuntchito ndimadutsa m'utsi womwe uja. Ndimaganizira kankhono kamene kakuyesa kumanga nyumba m'madzi oidya, kopanda pakamwa pokanira. Ine pakamwa ndinali napo. Mwana wanga ndinamuphunzitsa kupereka ndi manja awiri, koma ndinamuphunzitsanso kuti ena akafuna chimene sichingabwererenso, anene kuti ayi, ngakhale akhale wamkulu bwanji.

Chigobacho ndikadali nacho, ndinachikulunga m'kansalu ka amayi. Nthawi zina ndimachiikabe kukhutu.