Bondo la a Bonifasi Kachiwanda

Akhristu anzanga, Yesu Khristu atamandike. Bambo mfumu andiuza kuti ndilembe za moyo wa amuna anga, malemu a Bonifasi Kachiwanda, kuti mutengerepo phunziro. Ndilemba, koma sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndipo mtima wanga sunaphwe.

A Bonifasi anabadwa mu 1952 kufupi ndi Kasakula ku Ntchisi. Ali mwana ankatumikira Misa opanda nsapato. Mu 1975 anadzandikwatira kwathu kwa Dzoole, n'kumanga pamwamba pa phiri pomwe makolo anga anatilozera. Mulungu anatipatsa ana anayi, woyamba Rebeka. Zaka makumi atatu ndiwo ankatsekula tchalitchi chathu chaching'ono cha kumunsi kuja, kusesa ndi kuimba belu. Kulalikira sankatha. Ankati, "Pakamwa panga mpolemera, mawondowa ndiwo amandiyankhulira."

Mu 2015 anagwa padenga la tchalitchicho akukhoma malata, bondo lamanja n'kusweka. Linatupa, linatuluka mafinya, kenaka anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko tinaonana ndi madokotala awiri. Wa mafupa, uja amachita opaleshoni, anati, "Bambo, bondoli latha. Ndikhoza kulumikiza mafupa awiriwa. Ululu utha, muziyenda, koma mwendo sudzapindikanso." Winayo anali mayi wa mafizo, aja amalimbitsa ziwalo popanda mpeni. Iye anati, "Lingathe kumapindikabe, koma ululu sudzachoka. Ndipo tsiku lililonse muzilipinda ndi kuliwongola. Zonse ziwiri."

Onsewo ananena zoona. Sindiwada.

A Bonifasi anafunsa funso limodzi lokha. "Adokotala, mukalumikiza, nanga pokweza Ukaristia ndizitani?"

"Muzikhala pabenchi."

"Ambuye akukwezedwa, ine khale ngati bwana wa ku Boma?"

Titatuluka ndinawakalipira. "Bambo a Rebeka, Mulungu amene analenga bondolo sakudziwa kuti laphwanyika? Lolani opaleshoni! Phiri lija muzitsika bwanji?"

"Amake Rebeka, musasokose, pano mpachipatala."

Yankho lawo linali lomwelo. Ngakhale bambo mfumu anawauza kuti wodwala akakhala pansi palibe tchimo. Iwo anati, "Zikomo bambo," n'kusankha mafizo.

Apa ndiye mumvetsetse. Mayi uja anatipatsa pepala la zithunzi za mafizo, zopinda bondo ndi zowongola. Zowongola zinkafuna kuti agone chagada, ine ndizikanikiza bondo mpaka misozi. Ndikabwera nalo pepalalo ankati, "Ndagwada makolona atatu lero. Si mafizo amenewo?"

"Inu, anati zonse ziwiri!"

"Mawa, amake Rebeka."

Ku chipatala tinkayenera kupita mwezi uliwonse, koma mvula ikayamba msewu wathu mukuudziwa. Patatha zaka ziwiri bondo linauma chipindire. Munthu amene ankaopa mwendo wosapindika anatsala ndi mwendo wosawongoka, phazi losafika pansi. Tinawatsitsa pangolo kubwerera kwa wa mafupa. Atawayeza anati mtima wafooka, opaleshoni sangaipirire. Wa mafizo anayesa, bondo linakana. Tinakweranso phiri.

Zaka zisanu ndi chimodzi sanatsikenso. Tchalitchi ankangochiona denga lomwe anakhoma okha. Belu likalira ankadzikhwekhwereza mpaka pakhomo, n'kugwada kuloza kumunsi, thukuta lili kamukamu ndi ululu, mpaka Misa itatha. Kuchimbudzi ndinkawabereka ine. Inu a mphakati munakwera kangati? Simunakwanitse ngakhale zala za dzanja limodzi. Iwo sanadandaulepo. Ankakupemphererani mmodzimmodzi, kutchula maina. Wodandaula ndinali ine, ndipo ndinkadandaulira tonse awiri.

Mu Febuluwale chaka chatha, m'mawa, atalandira Ukaristia ndi kudzozedwa, anandiitana. "Amake Rebeka, za phiri zija munanena zoona. Ndakutopetsani. Pepani."

"Ndiye pano mukadasankha opaleshoni?"

Anaseka pang'ono. "Ayi."

Anatseka maso, n'kupita mwamtendere, kolona ili m'manja.

Phunziro lake ndi ili: munthu ameneyu anakonda Mulungu kuposa miyendo yake. Ine sindingathe, ndipo sindikudziwa ngati ndikuuzeni kuti muyese.

Pokonza maliro, adzukulu anapeza kuti bokosi silikutsekeka chifukwa cha bondo. Ndinamva a Obed, mmodzi wa adzukuluwo, akunong'ona kuti angolithyola, mwini wake samvanso kuwawa. Ndinalowa ndi chikwanje. Ndinati, "Bondo limeneli latitsekera paphiri pano zaka zonsezi, ine ndalibereka kumsana. Wolikhudza andiona." A Mose akalipentala anabwerera kukatenga matabwa ena, anawonjezera kuya kwa bokosi, mwambo n'kuchedwa mpaka masana.

Anapita kwa Ambuye chogwada.